Kachilombo kabwino pamalo olakwika: ma probiotic ndi chiwindi chodwala

Mbulu umodzi wa ma probiotic, aja mumawaona m'mafamase a m'tauni ndiponso pa zotsatsa malonda za pa Facebook, ukhoza kukhala ndi tizilombo tamoyo tokwana 10 biliyoni. Mutati muzitiwerenga kamodzikamodzi, kachilombo kamodzi pa sekondi iliyonse, osagona komanso osapita kukadya nsima, mungamalize patatha zaka pafupifupi 317. Tengani calculator muyese nokha. Tizilombo tonseto munthu amatimeza ndi kapu imodzi ya madzi, ndipo kwa munthu wathanzi palibe choopsa chomwe chimachitika.

Nkhani yanga lero ndi ya munthu amene si wathanzi, makamaka amene chiwindi chake chinauma ndi zipsera, matenda omwe madokotala amati cirrhosis. Maganizo anga ndi akuti kwa munthu ameneyu ma probiotic si chakudya chongowonjezera ngati mmene botolo limanenera. Ndi mankhwala, ndipo woyenera kugamula kuti amwe kapena asamwe ndi dokotala amene akumuthandiza. Osati wogulitsa, osati azakhali okhala ku Johannesburg amene atumiza phukusi mwachikondi, osatinso inu ndi ine. Ndine mphunzitsi wa physics, si ine dokotala ayi, koma muona posachedwa kuti gawo lalikulu la nkhaniyi ndi physics yomwe mumalemba pa MSCE.

Mu 2001 akatswiri a mabungwe a FAO ndi WHO anagwirizana kuti ma probiotic ndi tizilombo tamoyo tomwe, tikamwedwa pa mlingo wokwanira, timathandiza thanzi la munthu. Totchuka kwambiri ndi mabakiteriya a mitundu ya Lactobacillus ndi Bifidobacterium, komanso yisiti wotchedwa Saccharomyces boulardii, yemwe wasayansi wa ku France, Henri Boulard, anamupeza pa makoko a zipatso ku Indochina mu 1923. Ganizo lakelo si lachilendo kwa ife. Chomwe chimasasitsa chambiko ndi mabakiteriya a mbumba yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti tizilombo ta m'makapisozi anachita kutisankha dala kuti tizipirira asidi wa m'mimba, tizipirira ndulu, ndiponso tizikakamira ku khoma la matumbo. Sungani mfundo imeneyi, tiifuna kutsogoloku.

Tsopano chiwindi. Ambiri mumadziwa kuti chimapanga ndulu komanso chimasunga shuga. Koma pali ntchito ina yomwe mabuku amangoidutsa mothamanga. Magazi onse ochokera ku matumbo sapita molunjika ku mtima. Amasonkhana kaye mu mtsempha waukulu wotchedwa portal vein n'kulowa m'chiwindi. Pa magazi pafupifupi lita imodzi ndi theka omwe amadutsa m'chiwindi pa mphindi iliyonse, magawo atatu mwa anayi amabwera kudzera mu mtsempha umenewu. Chifukwa chake n'chomveka. M'matumbo a munthu aliyense muli mabakiteriya mabiliyoni zikwizikwi, ndipo chomwe chimawalekanitsa ndi magazi ndi kakhoma kopyapyala ka maselo a mzere umodzi basi. Nthawi zina ena amadutsa. Akatero amakumana ndi maselo otchedwa Kupffer, omwe amakhala m'tinjira ta magazi m'chiwindi, ndipo ntchito yawo ndi kumeza chilichonse chachilendo. Choncho chiwindi ndi sefa yoikidwa pakati pa matumbo ndi thupi lonse.

Nanga chimachitika n'chiyani sefayi ikadzaza zipsera? Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse.

Mukukumbukira V = IR. Magazi nawo amayenda mofananamo: kusiyana kwa pressure pakati pa mbali ziwiri kumafanana ndi kuchuluka kwa magazi oyenda kuchulukitsa ndi resistance ya njirayo. Zipsera zimafinya timitsempha ta m'chiwindi, ndipo kufinya kumeneku si nkhani yamasewera. Dokotala wina wa ku France, Jean Poiseuille, anaonetsa kuti mu paipi yopyapyala resistance imadalira radius yochulukitsidwa yokha kanayi. Mukachepetsa radius ndi theka, resistance sikwera kawiri ayi, imakwera ka 16. Ndiye pressure mu portal vein imakwera. Mwa munthu wathanzi, kusiyana kwa pressure pakati pa magazi olowa ndi otuluka m'chiwindi sikupitirira 5 mmHg. Kukafika pa 10 mmHg kapena kuposa, mavuto akulu amayamba.

Magazi akapanikizika chonchi amachita zomwe current imachita mu parallel circuit: gawo lalikulu limadutsa nthambi yomwe ili ndi resistance yochepa. Timitsempha tina tating'ono ta kum'mero, pa mchombo ndi kumapeto kwa matumbo timatupa n'kukhala njira zachidule zopita ku mtima mozemba chiwindi. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamu ake aoneke. Tinene kuti sefa yabwino imagwira tizilombo 99 pa 100 tilitonse, ndiye kamodzi kokha n'komwe kamapulumuka. Tsopano theka la magazi lizembe sefa ija. Pa tizilombo 100, 50 tadutsa njira yachidule popanda wotifunsa, ndipo pa 50 tinato pafupifupi tonse tagwidwa. Topulumuka tachoka pa kamodzi kufika pa 50. Onani kuti apa sefa ija sitinaiwononge n'komwe, tangoizemba. Koma mu cirrhosis sefayo imakhalanso yofooka, ndipo chiwindi chimalephera kupanga mokwanira mapuloteni ena a m'magazi omwe amathandiza kupha mabakiteriya.

Si zokhazo. Pressure ija imatupitsanso khoma la matumbo, moti limayamba kudontha ngati denga lakale, ndipo tizilombo todutsa timachuluka. Madzi nawo amayamba kudikha m'mimba. Mwina munaonapo munthu wowonda manja ndi miyendo koma mimba ili tantha, anthu n'kumanong'onezana kuti anam'dyetsa. Nthawi zambiri chimakhala chiwindi. Madzi amenewa ndi ofunda, ali ndi chakudya, ndipo chitetezo chake n'chochepa. Kwa bakiteriya, amenewo ndi malo a phwando. Matenda a m'madzi a m'mimbawa amapha anthu ambiri a cirrhosis, ndipo kawirikawiri owayambitsa ndi mabakiteriya a m'matumbo mwa wodwala yemweyo, monga E. coli ndi Klebsiella.

Ndiye taganizani: khoma likudontha, sefa ikuzembedwa, asilikali afooka, kenako tikuthiramo tizilombo tamoyo 10 biliyoni tsiku ndi tsiku, tomwe tinatisankha chifukwa sitifa msanga ndipo timadziwa kukakamira. Mawu akuti "kachilombo kabwino" amanena za malo omwe kali. M'matumbo ndi kabwino. M'magazi mulibe kachilombo kabwino.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, nanga bwanji madokotala ena amapereka okha ma probiotic kwa odwala chiwindi?" Funso labwino, ndipo sindilizemba. Mabakiteriya ena a m'matumbo amapanga amoniya. Chiwindi chathanzi chimasandutsa amoniyayu kukhala urea, yemwe amatuluka mu mkodzo. Chiwindi chikazembedwa, amoniya amafika ku ubongo, ndipo wodwala amayamba kusokonezeka, kugona masana n'kukhala maso usiku, kunjenjemera manja, mwinanso kukomoka. Ganizo ndi lakuti tikasintha mtundu wa mabakiteriya a m'matumbo, amoniya achepa. Si ganizo lopusa ayi. Mu 2017 bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zamankhwala, linaphatikiza zoyesa 21 zomwe munali anthu 1,420. Linapeza kuti poyerekeza ndi kusamwa kanthu, ma probiotic akuoneka kuti amathandiza pa vuto la kusokonezekali. Koma sanaonetse kuti amachepetsa imfa, sanaonetse kuti amaposa lactulose, mankhwala amadzimadzi otsekemera omwe madokotala akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, ndipo zoyesa zambiri mwa zimenezo zinali zosachitidwa mwadongosolo lokhwima.

Choncho phindu lilipo ndithu, koma ndi laling'ono, ndipo pali kale mankhwala ena ogwira ntchito yomweyo omwe si amoyo. Tiyeni tione mbali inayo ya sikelo.

Mu 1999 madokotala a ku Finland analemba za mayi wa zaka 74, wodwala shuga, yemwe anapezeka ndi chithupsa cha mafinya m'chiwindi. Atayeza mafinyawo anapeza Lactobacillus rhamnosus wosasiyana ndi amene anali mu zakumwa zamkaka zomwe mayiyu ankamwa tsiku ndi tsiku. Nkhani ya munthu mmodzi siikwanira kumangirapo lamulo, n'zoona. Koma mu 2019 kunatuluka kafukufuku wa pa chipatala cha ana cha Boston Children's Hospital ku America. Pa odwala 522 a mu chipinda cha odwala mwakayakaya omwe anapatsidwa probiotic wa Lactobacillus, 6 anapezeka ndi Lactobacillus m'magazi. Pa odwala 21,652 omwe sanapatsidwe, anapezeka 2 okha. Gawani nokha: 6 pa 522 ndi pafupifupi 1.1 peresenti, pomwe 2 pa 21,652 ndi 0.009 peresenti. Kusiyana kwake n'koposa ka 100. Ndipo atawerenga DNA ya tizilombo ta m'magaziwo, inagwirizana ndi ya tizilombo ta m'makapisozi. Amenewa sanali odwala chiwindi, anali ana ndi achinyamata odwala matenda osiyanasiyana, koma phunziro lake ndi lomwelo: thupi likafooka, kachilombo ka m'botolo kakhoza kufika m'magazi.

Yisiti uja wa Boulard ndiye ali ndi kachinyengo kake. Wapezeka m'magazi a odwala amene ali ndi kapaipi ka diripi kolowa mu mtsempha waukulu wa pakhosi kapena pachifuwa, nthawi zina ngakhale odwala oyandikana nawo bedi amene sanamwe n'komwe. Munthu akatsegula kapisozi, ufa wake umauluka, umatera pa manja ndi pa zipangizo, n'kukalowera pa kapaipi paja. N'chifukwa chake ku Ulaya mapepala a mankhwalawa amaletsa kuwapereka kwa odwala mwakayakaya ndi kwa omwe chitetezo chawo chatsika. Ku America nako, mu 2023, bungwe la FDA linachenjeza zipatala za kupereka ma probiotic kwa ana obadwa masiku asanakwane, mwana wina atamwalira ndi matenda a m'magazi ochokera ku bakiteriya wa mu probiotic yemwe anapatsidwa.

Koma kafukufuku amene ndimafuna wophunzira sayansi aliyense atamudziwa ndi wa ku Netherlands, wofalitsidwa mu magazini ya The Lancet mu 2008. Odwala ake anali ndi kutupa koopsa kwa pancreas, chiwalo chija chimapanga insulin. Madokotala ankayembekezera kuti ma probiotic achepetsa matenda obwera ndi mabakiteriya, ndipo anali ndi zifukwa zomveka zoganizira choncho. Anagawa odwala mwamaere. Pa 152 omwe analandira ma probiotic, 24 anamwalira. Pa 144 omwe analandira ufa wopanda kanthu, anamwalira 9. Ndinene mosabisa kuti imfa zimenezi sizinabwere chifukwa tizilombo ta probiotic tinalowa m'magazi. Angapo mwa odwalawo matumbo awo ndi amene anafa chifukwa chosowa magazi okwanira. Komabe nkhaniyi inathetsa chikhulupiriro chakuti ma probiotic "akapanda kuthandiza, sangapwetekenso". Ofufuzawo anali akatswiri, ganizo lawo linali lanzeru, koma thupi la munthu wodwala kwambiri linayankha mwina.

Tsopano ndiime pakati, chifukwa sindikufuna mukafalitse mantha ku dormitory. Ku Finland komweko, m'zaka za m'ma 1990, anthu omwa zakumwa za Lactobacillus anachuluka kwambiri, koma ofufuza atayang'ana zotsatira za magazi m'dzikomo sanaone kuti matenda a Lactobacillus m'magazi akwera. Anthu mamiliyoni amamwa ma probiotic osadwala. Inu amene chiwindi chanu chili bwinobwino, imwani yogati wanu ndi chambiko chanu mwamtendere. Ngakhale munthu amene ali ndi mafuta pang'ono m'chiwindi, kapena amene ali ndi kachilombo ka hepatitis B koma chiwindi chake sichinawonongeke, sali m'gulu limodzi ndi munthu wa mimba yodzaza madzi, maso achikasu, amene anasanzapo magazi. Mawu akuti "matenda a chiwindi" ndi thumba lalikulu.

Otsatsa malonda amakonda kunena kuti mu zoyesa za odwala cirrhosis simunaoneke matenda obwera ndi ma probiotic. Apa ndipempha masamu atithandizenso. Pali kalamulo kosavuta mu statistics: mukayesa anthu n, osapeza vuto ngakhale mwa mmodzi, chomwe munganene molimba mtima ndi chakuti vutolo mwina silipitirira 3 pa n. Mukayesa anthu 100, vuto likhozabe kumagwera anthu atatu pa 100 alionse inu osalikumana. Zoyesa zambiri za ma probiotic mwa odwala chiwindi zinali zazing'ono chonchi, za miyezi yochepa, ndipo kawirikawiri odwalitsitsa sankalowetsedwamo. Kuponya ndalama kasanu n'kupeza mutu kasanu konse sikutanthauza kuti ndalamayo ilibe tambala kuseri.

Ndipo ngozi sitiiyeza ndi kawirikawiri kake kokha. Timayang'ananso kukula kwa chomwe chingachitike. Mphenzi sigwa kawirikawiri, koma sitiima pansi pa mtengo wautali mvula ya ziphaliwali ikugwa. Kwa munthu wa cirrhosis yofika patali, matenda amodzi a m'magazi akhoza kugwetsa impso, kuyambitsa kukomoka, n'kumutenga m'masiku ochepa.

Kwathu kuno sikeloyi imapendekeranso kwambiri, pa zifukwa zomwe sizikhudza kachilombo kenikeniko. Kuti dokotala adziwe mtundu wa bakiteriya amene ali m'magazi, magaziwo amayenera kusungidwa mu labotale kwa masiku kuti tizilombo timere, ndipo zimenezi sizichitika pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Ngakhale komwe zimachitika, Lactobacillus akapezeka nthawi zina amayesedwa litsiro longolowa poyeza, pokhapokha wina atanena kuti wodwalayu amamwa makapisozi akutiakuti. Komanso mitundu ingapo ya Lactobacillus, kuphatikizapo rhamnosus uja, mwachibadwa simva vancomycin, mmodzi mwa mankhwala amphamvu omwe madokotala amathamangira pa matenda a m'magazi. Yisiti ndiye samva antibiotic wina aliyense, amafuna mankhwala akeake.

Palinso nkhani ya botolo lenilenilo. Ku America, lamulo la 1994 limalola zinthu zogulitsidwa ngati chakudya chowonjezera kulowa pa msika popanda kuvomerezedwa kaye ngati mankhwala. Ofufuza m'maiko osiyanasiyana akhala akupeza mabotolo omwe zam'kati mwake sizigwirizana ndi zolembedwa kunja: mtundu wina wa bakiteriya, chiwerengero china, mwinanso tizilombo tomwe sitinayenera kukhalamo. Onjezerani ulendo wa botololo m'chikwama pa basi yotentha ya masiku awiri. Chimene chikumezedwacho ndi chiyani kwenikweni?

Mwina mukuti nkhaniyi ikukukhudzani bwanji inu a Fomu 3. Odwala chiwindi tili nawo ambiri. WHO inawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni pa dziko lonse anali ndi hepatitis B wokhalitsa, ndipo chigawo cha Africa ndi chimodzi mwa zokhudzidwa kwambiri. Kuno ku Malawi katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana mu 2002, kutanthauza kuti ambiri a inu munabayidwa muli makanda, koma makolo anu, amalume ndi agogo anabadwa katemerayu asanafike. Onjezerani kachasu. Onjezerani chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Onjezerani likodzo la m'matumbo, lomwe mazira ake amakatsakamira m'timitsempha ta chiwindi n'kukweza pressure ija mu portal vein ngakhale mwa munthu amene sanalawepo mowa. (Ndanena dala zimenezi, chifukwa chizolowezi chathu chomanena kuti aliyense wodwala chiwindi ndi chidakwa chimanyozetsa anthu osalakwa, ndipo chimachititsa ena kubisa matenda.)

Ndipo m'mabanja ambiri, botolo lolembedwa Chingerezi likafika pakhomo, amene amaitanidwa kuti "tatiwerengere apa" ndi mwana wa ku sekondale. Pa holide, amene amakakhala gadiyani ku chipatala nthawi zina ndi inu nomwe. Pamenepo mawu anu amalemera kuposa mmene mukuganizira.

Mukapatsidwa botolo lotero, musangowerenga mawu akuluakulu a kutsogolo monga "natural" kapena "liver support". Mawu akuti zachilengedwe sanena kanthu za chitetezo; bowa wakupha naye ndi wachilengedwe. Tembenuzani botolo muone timalemba tating'ono. Mukaona maina ngati Lactobacillus, Bifidobacterium, Saccharomyces kapena Bacillus, kapena nambala yaikulu yotsatana ndi zilembo CFU, dziwani kuti muli zamoyo. Ngati amene akufuna kumwayo anauzidwa kuti ali ndi cirrhosis, ngati mimba yake imadzaza madzi, ngati anasanzapo magazi, ngati ali ndi kapaipi mu mtsempha, kapena akumwa mankhwala otsitsa chitetezo cha m'thupi, botololo lidikire. Lipite kaye kwa dokotala kapena clinical officer pa tsiku la sikelo yake, lili chitsekere. Sindikunena kuti mukakangane ndi akuluakulu. Mukhoza kungoti, "Amalume, apa alemba kuti muli tizilombo tamoyo. Bwanji tikawaonetse kaye adokotala Lachinayi lija?" Dokotala akhoza kuvomera, ndipo akavomera adzakhala akudziwa mtundu wake, mlingo wake, ndi choti ayang'anire. Zimenezo n'zosiyana kwambiri ndi kumwa mobisa. Chomwe sindingachilole m'pang'ono pomwe n'chakuti wodwala asiye lactulose kapena mankhwala ena a ku chipatala ati chifukwa wapeza "zachilengedwe".

Za chambiko cha pakhomo, vuto lake kwa wodwala chiwindi nthawi zambiri si mabakiteriya osasitsa aja, koma mkaka wosawiritsa, womwe ukhoza kubweretsa tizilombo tina toopsa kwambiri. Mkaka uwire kaye, chiwiya chikhale choyera.

Ngati wodwala anayamba kale kumwa ma probiotic, zizindikiro zoti musagone nazo ndi izi: kutentha thupi kapena kunjenjemera ndi kuzizidwa, kupweteka m'mimba, mkodzo kuchepa, kugona kwambiri, kapena kuyamba kulankhula zosagwirizana. Chenjerani, chifukwa munthu wa cirrhosis akhoza kukhala ndi matenda aakulu m'magazi thupi lisanatenthe n'komwe, chizindikiro chokha n'kukhala kusokonezeka. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, mutenge buku lake la ku chipatala ndi botolo lija, ndipo muuze woyeza kuti wakhala akumwa mibulu ingati pa tsiku, kuyambira liti.